Mwana wanga sanalire tsiku limenelo

Ndinayamba kuona magazi ndisanamuone iye. Timadontho tofiira pansi, kenako phazi laling'ono lodindika bwinobwino ndi zala zake zonse zisanu, kenako lina, mpaka kukalowa kuchipinda. Ndinalondola mapaziwo miyendo ikunjenjemera. Ndinamupeza atakhala pafupi ndi zenera, akuzunguza chitsekerero cha botolo monga amachitira masiku onse, nkhope ili phee. Chidutswa cha galasi chinali chitalowa kuchidendene, mozama ndithu. Anali ndi zaka zinayi. Sanalire pamene chinamubaya, sanalire pamene ndinachizula, ndipo kuchipatala akumusoka anangovuta chifukwa tinamulanda chitsekerero chija.

Anamwino anamutama kuti ndi mwana wolimba mtima. Ine ndinabwerera kunyumba ndi mantha amene sanandichokebe mpaka lero. Mwana amene salira akabayidwa, adzatiuza bwanji tsiku limene m'mimba mwake mudzavute?

Pa nthawiyo n'kuti patatha chaka atatiuza kuti ali ndi otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kuyanjana ndi anthu. Sankalankhula. Ukamuitana sankatembenuka. Ali khanda thupi lake linali lofewa, ukamunyamula ankangolendewera m'manja, ndipo anachedwa kukhala, anachedwa kuyenda. Bala la kuphazi lija ndi limene linachititsa dokotala wina kunena kuti ayeze majini ake, malangizo a thupi amene mwana amatengera kwa makolo, komanso athu makolo ake tonse awiri.

## Mlandu umene sindinautchule

Ndisanafike pa zotsatirazo ndiyenera kuulula chinthu. Kwa zaka ziwiri ndinkamusungira mkazi wanga mlandu mumtima. Ali woyembekezera, mwezi wachisanu, anadwala, thupi linatentha masiku atatu, ndipo atangopezako bwino anabwerera kuntchito ngakhale ndinamupempha kuti apume kaye. Mwana atayamba kuchedwa pa chilichonse, maganizo anga ankangobwerera ku masiku atatu aja.

Sindinanenepo ndi pakamwa. Koma mlanduwo unkatuluka ndithu. Unkatuluka ndikamausa moyo, unkatuluka achibale akafunsa kuti, "Kodi amayi ake anamwa mankhwala anji ali ndi pakati?" ine n'kungoyang'ana pansi osamuikira kumbuyo. Iye ankaona zonsezo.

Panalinso mlandu wachiwiri, umene ndinkamusungira mwana. Ndikafika madzulo n'kumuitana ndili pakhomo, iye osadzutsa n'komwe mutu, ndinkamva ngati wandikana. Mumtima ndinkati alibe nane ntchito.

## Kuseri kwa pepala

Zotsatira zinatenga miyezi. Tsiku lokazitenga, adokotala, mayi wachikulire wolankhula modekha, anatikhazika pansi, anatembenuza pepala la zotsatira kuti kuseri kosalembedwa kukhale pamwamba, n'kutenga cholembera.

"Bambo ndi mayi, ndiyambe ndi chimene chapezeka, kenako ndikuonetseni kumene chimagwirira ntchito."

Anati mwana wathu ali ndi kusintha m'jini yotchedwa SHANK3, imene imakhala chakumapeto kwenikweni kwa kromozomu 22, imodzi mwa mitolo imene majini amasungidwamo m'maselo. Munthu aliyense amakhala ndi makope awiri a jini imeneyi, limodzi lochokera kwa mayi, lina kwa bambo. Mwa mwana wathu kope limodzi lili bwino. Linalo linasowa chilembo chimodzi, ndipo malangizo onse a kutsogolo kwa pamenepo anasokonekera. Choncho thupi lake limapanga puloteni ya SHANK3 yochepa, pafupifupi theka la imene imafunika. Vutoli anati limatchedwa Phelan-McDermid syndrome.

Kenako anayamba kujambula. Mizere iwiri yonga nthambi, nsonga zake zikuyandikana koma osakhudzana.

"Awa ndi maselo awiri a ubongo. Munthu ali nawo pafupifupi 86 biliyoni. Ambiri timaganiza kuti amalumikizana ngati mawaya a magetsi, koma taonani apa, pakati pali kampata."

Kampatako anati n'kakang'ono moti timipata totere masauzande angapo tingakwane m'kunenepa kwa tsitsi limodzi. Malo onsewo, nsonga ziwiri ndi kampata kake, amatchedwa synapse. Uthenga ukafika kunsonga ya selo loyamba, seloyo limatulutsa timankhwala, pamalo ngati awa kawirikawiri glutamate, ndipo timankhwalato timawoloka kupita tsidya lina. Kutsidyako kuyenera kukhala tolandirira todikira.

Anajambula timadontho m'mphepete mwa selo lachiwiri, pansi pake n'kujambula timizere topingasa.

"Tolandirirati sitimangoyandama ayi. Pali thandala limene limatigwira kuti tikhale pamalo pake, moyang'anizana ndi pamene uthenga ukutulukira. SHANK3 ndi umodzi mwa mitengo ikuluikulu ya thandala limeneli."

Anadula theka la timizere tija ndi cholembera, kamodzikamodzi, ife tikuyang'ana.

"Mitengo ikachepa, tolandirira timachepa, ndipo ma synapse ena sakhwima n'komwe. Uthenga umatumizidwa ndithu, bambo. Koma umafika motsika, ndipo wina umathera panjira."

M'chipindamo munakhala chete. Kenako mkazi wanga, ndi mawu apansipansi amene ndinali ndisanawamvepo, anafunsa:

"Adokotala, kodi ndi chifukwa cha kudwala kuja ndili ndi pakati?"

Nkhope yanga inatentha. Funso limenelo linali langa. Ndinalisunga zaka ziwiri ngati chinsinsi, osadziwa kuti iye walisenza nthawi yonseyo, ndipo analifunsa pamaso panga ngati munthu wokonzeka kumva chigamulo.

"Ayi, mayi. Tayeza magazi anu, tayeza a bambo. Kusinthaku mulibe mwa inu nonse awiri. Kunachitika kamodzi kokha, mwina m'dzira, mwina m'mbewu ya bambo, kapena masiku oyambirira dzira litangoyamba kugawikana. Timati de novo, kutanthauza chatsopano. Mwezi wachisanu mukunenawo n'kuti zitachitika kalekale. Palibe chimene munamwa kapena munalephera kuchita chimene chikanasintha zimenezi."

Mkazi wanga sanatulutse mawu. Anangogwira pepala lija ndi manja onse awiri, misozi ikudonthera pachithunzi, inki n'kuyamba kufalikira. Pepalalo tili nalobe. Synapse yake ili ndi banga pakati.

## Usiku wa tsiku lomwelo

Tulo sitinabwere. Ndinatenga foni n'kuyamba kuwerenga za mawu aja, de novo.

Ndinapeza kuti mwana aliyense, wanga, wanu, inuyo ndi ine, amabadwa ndi zilembo pafupifupi 60 zosintha zimene makolo ake alibe m'DNA, momwe majini analembedwamo. Zambiri zimagwera pamalo pamene sizivulaza kanthu. Mwa mwana wathu, chimodzi chinagwera pa mtengo wa thandala.

Ndinapitiriza kuwerenga, n'kufika pa kafukufuku wa mu 2012 wa ofufuza a kampani ya deCODE ku Iceland. Iwo anapeza kuti kusintha kwatsopano kochuluka kumachokera mbali ya bambo, ndipo chaka chilichonse chimene bambo wakula chimawonjezera zilembo zosintha pafupifupi ziwiri. Chifukwa chake n'chomveka. Mazira a mkazi amapangidwa iye asanabadwe n'komwe, n'kumangodikira. Koma maselo opanga mbewu ya mwamuna amagawikana mosalekeza, pafupifupi masiku 16 aliwonse kuyambira atatha msinkhu, ndipo nthawi iliyonse imene DNA ikukoperedwa pamakhala mpata woti chilembo chilakwike. Pa zilembo zisanu zosintha chonchi, pafupifupi zinayi n'za mbali ya bambo.

Mwana wathu anabadwa ndili ndi zaka 43.

Kunacha ndili pampando. Mkazi wanga atadzuka ndinamuuza zonse, kuyambira za masiku atatu aja.

"Amake mwana, ndinkakusungirani mlandu. Mundikhululukire."

"Ndinkadziwa," anatero.

Ndinamuuza za ku Iceland, za zaka zanga, n'kunena kuti mwina tipemphe ayeze kuti kope lowonongekalo linachokera mbali iti. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mukadziwa mutani nazo, abambo ake? Mukufuna katundu amene ndasenza ine zaka ziwiri mumusenze inu tsopano? M'nyumba muno asamusenzenso munthu."

Sitinapemphe.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zimene ndinamuchita mkazi wanga, akatswiri anazichita kwa amayi a m'badwo wathunthu. Dokotala Leo Kanner, amene anafotokoza za ana 11 a otizimu ku Baltimore, ku America, mu 1943, analemba kuti anawo anabadwa choncho, koma ananenanso kuti makolo awo ankaoneka osatentha mtima. Katswiri wina, Bruno Bettelheim wa ku Chicago, anatenga mfundo yachiwiriyo n'kuifalitsa, kuti mayi wozizira mtima ndiye amachititsa mwana kudzitsekera. Amayi ambirimbiri anamva zimenezo kuchokera pakamwa pa madokotala awo. Mu 1977 Susan Folstein ndi Michael Rutter ku Britain anafufuza mapasa a m'mabanja 21. Mwa mapasa 11 ochokera m'dzira limodzi, anayi anapezeka kuti onse awiri ali ndi otizimu. Mwa mapasa 10 a mazira osiyana, amene anakulira m'mimba imodzi, m'manja mwa mayi mmodzi, panalibe ngakhale banja limodzi limene onse awiri anali nayo. Kuyambira pamenepo maso a ofufuza anayamba kuchoka pa mayi kupita ku majini. Ine ndinali nditatsalira zaka makumi angapo m'mbuyo.

## Chifukwa chake sanalire

Miyezi yotsatira ndinkabwerera ku mapazi a magazi aja. Ndinamva kuti kusamva ululu msanga n'chizindikiro chofala mwa ana a Phelan-McDermid, ndipo ndinkafuna kumvetsa kuti thandala la muubongo likukhudzana bwanji ndi chidendene.

SHANK3 simapezeka muubongo mokha. Imapezekanso m'mitsempha imene imatenga uthenga kuchokera pakhungu kupita nawo kumsana. Mu 2016 ofufuza a payunivesite ya Duke ku America anasonyeza kuti m'mitsempha imeneyi SHANK3 imathandiza kugwira kolandirira kotchedwa TRPV1, kamene kamamva kutentha, komwenso kamatichititsa kumva kuwawa kwa tsabola. Mbewa zopanda jiniyi sizinkamva kuwawa kwa kutentha pamalo otupa mmene zinzake zinkamvera. Choncho uthenga wa ululu ukhoza kuyamba kufooka usanafike n'komwe kuubongo, kenako n'kukadutsanso m'ma synapse a thandala loperewera.

Mwana wanga sanali wolimba mtima tsiku lija. Galasi linamubaya ngati mmene lingabayire mwana aliyense, koma kufuula kwa phazi kunafika kumutu ngati kunong'ona.

Kafukufuku wina amene anandikhudza ndi wa ku Stanford mu 2013. Anatenga maselo a pakhungu a ana a vuto limeneli, n'kuwasandutsa maselo a ubongo m'mbale ya mulabotale. Maselowo anakula, anatambasula nthambi, anafunafuna anzawo. Koma ma synapse odzutsa selo linzake anali ochepa, ndipo uthenga wodutsamo unali wofooka. Atabwezeretsamo SHANK3, kulumikizana kunawongokera. Chithunzi cha kuseri kwa pepala chija chinaoneka pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono.

Amene anayamba kugwirizanitsa SHANK3 ndi otizimu ndi gulu la Thomas Bourgeron la ku Institut Pasteur ku Paris, mu 2007. Zaka zinayi m'mbuyomo gulu lomwelo linali litapeza kusintha m'majini a neuroligin, mapuloteni amene amamanga mbali ziwiri za synapse kuti ziyang'anizane. Kenako mu 2011 gulu la Guoping Feng linapanga mbewa zopanda Shank3. Mbewazo zinkapewa zinzake, ndipo zinkadzinyambita ndi kudzikanda mobwerezabwereza mpaka kudzichititsa zilonda. Atayeza ubongo wake anapeza kuti njira yochokera kuchikuto cha ubongo kupita kuchigawo chotchedwa striatum, chimene chimakhudzana ndi zizolowezi ndi kuyambitsa kapena kusiya zochita, inali yofooka. Mbewa si mwana, ndipo ndimadzikumbutsa zimenezo kawirikawiri. Komabe ndikamuona akuzunguza chitsekerero ola lathunthu, sindimulandanso mokalipa ngati kale.

## Ana a anzanga

M'gulu la makolo limene timakumana muli mayi wina amene mwana wake ndi wosiyana kotheratu ndi wanga. Kansalu kakang'ono kosokedwa kukolala ya malaya kamamuliza ngati wapsa ndi moto. Onse awiri amatchedwa ana a otizimu. Wina uthenga umamufika motsika, wina umamufika ngati bingu.

Ndipo makolo ambiri m'gulumo anayezetsa majini osapeza kanthu. Zimenezi n'zimene zimachitika kawirikawiri. Ife amene tili ndi dzina la jini imodzi ndife ochepa. Kwa ana ambiri, otizimu imabwera chifukwa cha kusiyana kwakung'onokung'ono masauzande ambiri m'majini, kumene tonsefe tili nako mwa apo ndi apo, koma mwa mwana wina kwakumana pamodzi. Kafukufuku wa mu 2019 wa anthu oposa 2 miliyoni m'mayiko asanu anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a chiopsezo amachokera ku majini obadwa nawo.

Ngakhale majini a mphamvu ngati SHANK3 ndi ambiri. Kafukufuku wamkulu wa mu 2020 anatchula 102. Ena, monga CHD8, amalamulira majini anzawo kuti ayake kapena azime mwana akadali m'mimba. Ena, monga SCN2A ndi SYNGAP1, amagwira ntchito pa kutumiza uthenga kwenikweniko. Ndipo sionse amene amachepetsa kulumikizana. Ubongo wa mwana wamng'ono umapanga ma synapse ochuluka kuposa amene udzafune, kenako n'kumadulira akamakula, ngati mmene munthu amapatulira mbewu zothinana. Mu 2014 ofufuza a payunivesite ya Columbia anayeza ubongo wa ana ndi achinyamata amene anamwalira. Mwa amene analibe otizimu, timinga tolandirira uthenga ta pa maselo a ubongo tinali titachepa pafupifupi ndi theka pofika paunyamata. Mwa amene anali ndi otizimu tinachepa ndi magawo 16 okha pa 100. Ubongo wotero uli ndi njira zochuluka mopitirira, ndipo zonse zimalankhula nthawi imodzi.

SHANK3 yomweyo ikachuluka imavutanso. Gulu la Huda Zoghbi ku Houston linasonyeza mu 2013 kuti mbewa zokhala ndi Shank3 yopitirira muyeso zinkangoyendayenda mosakhazikika ndi kugwa khunyu. Thandala limafuna mitengo yokwanira ndendende.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikaona munthu pa intaneti akugulitsa botolo limodzi lochiritsa otizimu yonse. Mwana wanga ndi mwana wa mayi uja mavuto awo akulowera mbali zosiyana. Amene akuti mankhwala amodzi angakonze onse awiri akudyera masuku pamutu makolo otopa.

## Chimene ndikuyembekezera

Mu 2016 gulu la Feng, payunivesite ya MIT ku America, linachita chinthu chimene ndinachiwerenga katatu. Anapanga mbewa zimene Shank3 yake inali yozimitsidwa kuyambira pobadwa, n'kudikira kuti zikule, kenako n'kuyatsanso jiniyo. Mbewa zazikuluzo zinayamba kuyandikira zinzake, kudzikanda kuja kunachepa, ndipo timinga tolandirira uthenga tinawonjezeka. Koma mantha ndi kuyenda movutikira sizinasinthe mwa zazikuluzo. Zimenezo zinkawongokera jiniyo ikayatsidwa mbewa ikadali yaing'ono. Zitseko zina za ubongo zimakhala zotseguka mpaka ukulu, zina zimatsekeka msanga.

Ndimaigwira nkhani imeneyi mosamala. Pa vuto lina la majini lotchedwa fragile X, mankhwala amene anagwira bwino ntchito pa mbewa anakayesedwa pa anthu ndi makampani awiri akuluakulu, ndipo pofika mu 2014 onse awiri anasiya chifukwa sanathandize. Makolo ambiri anali atayembekezera.

Ndamvanso akuluakulu amene ali ndi otizimu, olankhula ndi kulemba bwino, akunena kuti safuna kuchiritsidwa, kuti ubongo wawo ndi iwowo. Ndimawamvetsera, ndipo andiphunzitsa zambiri za mwana wanga zimene madokotala sanandiuze. Inenso sindifuna mwana wina m'malo mwa uyu. Chimene ndikufuna n'chakuti ululu uzimufika pa nthawi yake, ndiponso akhale ndi njira, ya mawu kapena ya chithunzi kapena ya chala, yotiuzira pamene pakupweteka.

## Kuwerenga mpaka khumi

Pano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Madzulo aliwonse asanagone ndimamuyendera thupi lonse: pansi pa mapazi, pakati pa zala, m'kamwa, kuseri kwa makutu. Ndimadina pamimba pang'onopang'ono ndikuyang'ana nkhope. Tapezapo dzino lobowoka limene mwana wina likanamugoneka masiku atatu, tapezapo chala chotupa chimene chinapanidwa ndi chitseko palibe amene anaona. Ntchito imene mitsempha yake imachita motsika, maso athu amaimaliza.

Za kumuitana ndinasintha mochedwa. Tsiku lina ndinatenga pepala lija n'kuliyang'ananso, n'kudzifunsa mmene ndinkamuitanira. Ndili pakhomo, kutali, wailesi ikulira, dzina kamodzi, kenako masekondi awiri asanathe ndakhumudwa kale n'kudutsa. Uthenga unali usanamalize kuwoloka, ine nditachoka.

Madzulo amenewo ndinazimitsa wailesi. Ndinagwada patsogolo pake, ndinamugwira paphewa mwamphamvu ndithu kuti dzanja limveke, ndinatchula dzina lake kamodzi, n'kuyamba kuwerenga mumtima. Chitsekerero chinkazungulirabe. Zinayi, zisanu. Mtima unandiuza kuti dzuka, n'zomwe zija. Zisanu ndi chimodzi. Zisanu ndi ziwiri.

Pa zisanu ndi zitatu chitsekerero chinagwa cham'mbali ndipo sanachitole. Maso ake anakwera pang'onopang'ono, kudutsa malaya anga, chibwano, n'kuima pa maso anga. Anatambasula dzanja n'kugwira tsaya langa, n'kukhala choncho kanthawi.

Mkazi wanga anali ataima pakhomo la kuchipinda. Anandifunsa kuti ndachita chiyani.

"Ndadikira," ndinatero.

Mawa lake anayesa iye. Anafika pa zisanu ndi chimodzi.